Kakireni kofiira ka pa kaunjika: kanatengera makina enieni odzutsa sitima?

Bambo a Yankho, Chinamwali:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa odziwa za sitima. Loweruka ndinagula kakireni ka pulasitiki pa mulu wa zidole za kaunjika mumsika wa Zomba. Ndi kofiira, mawilo ake ndi a panjanji, mkono wake wautali umagona pa kabogi kena kafulati, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kwake kumakolekedwa tingolo tiwiri tating'ono topanda kanthu pamwamba. M'mbali muli timipiringidzo tosolola. Chingwe chake palibe. Kunsi analembako kuti Hornby. Ndaika zithunzi zitatu. Kodi makina otere alipodi, kapena opanga zidole anangolota? Makamaka tingolo tiwirito tandizunguza mutu, chifukwa sindikuona chomwe tinganyamule.

Mai a Upile:
Mwachita mwayi bambo. Zidole za pa kaunjika zambiri zimabwera zothyokathyoka, koma aka kakuoneka kathunthu. Yankho akondwa.

Achimwene a ku Leeds:
Bambo a Yankho, musakapereke kaye kwa mwana, dikirani ndikuuzeni chomwe mwatola. Ine kwathu ndi ku Sadzi, koma kuno ku England kumene ndimagwira ntchito anthu achikulire ambiri amasunga tisitima totere, ndipo ndinalowa nawo m'kagulu kawo. Kanuko sikongopeka ayi. A kampani yopanga tisitima ya Hornby anakatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, potengera kireni yeniyeni yonyamula matani 75 yomwe kampani ya Cowans Sheldon inapangira British Railways, kampani ya boma ya njanji ku Britain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Cowans Sheldon inali ku Carlisle, kumpoto kwa England kufupi ndi malire a Scotland, ndipo inayamba mu 1846. Makireni ake anagulitsidwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo kwathu ku Africa ndi ku India. Ambiri mwa a matani 75 aja poyamba ankayendera nthunzi, pambuyo pake anawachotsa maboyila n'kuwaika injini za dizilo. Mtundu wofiirawo nawonso ndi weniweni: makireni a British Railways anali akuda, kenaka ofiira, kenaka achikasu. Ntchito yake yaikulu inali kudzutsa mitu ya sitima ndi mabogi zikaphonya njanji kapena zikagubuduzika. Nthawi zina ankaibwerekanso pokweza zitsulo za milatho.

Bambo a Yankho, Chinamwali:
Zikomo achimwene. Nanga tingolo tija?

Achimwene a ku Leeds:
Tingolo timeneto ndiye nzeru yeniyeni ya makina amenewa. Kireni yotere ndi yolemera kwambiri pa mawilo ochepa. Itati iyende yokha, kulemera kwake konse kungapanikize malo aafupi a njanji, ndipo milatho ina singapirire. Ndiye poyenda ulendo amailumikiza ndi tingolo tiwirito m'njira yoti gawo la kulemera kwake lisamukire pa mawilo a tingoloto. Ikafika pa ngozi amatimasula n'kutikankhira kutali, kuti kireni ifupike ndi kuyandikira pafupi penipeni ndi chomwe ikufuna kunyamula. Anatulukira zimenezi ndi Wilfred Stokes wa kampani ina yopanga makireni, Ransomes & Rapier ya ku Ipswich, n'chifukwa chake timatchedwa ndi dzina lake. Stokes yemweyo ndi amene anapanga mtundu wa mfuti ya mabomba yotchedwa ndi dzina lake mu 1915, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Makaniko wa pa Mpondabwino:
Ndiye kuti ndi maganizo omwewo a malole aakulu okhala ndi ekiselo yokweza ndi kutsitsa. Ndamva. Koma ine ndikayang'ana chithunzi chachiwiricho mkono ukuoneka waufupi. Bulekidauni yapamsewu yonyamula matani ochepa chabe mkono wake umafika patali. Iyi yonyamula sitima ingakhale ndi mkono wotere?

Achimwene a ku Leeds:
Diso lanu ndi lakuthwa amakaniko. Anthu osunga tisitima kuno amadandaula zomwezo, kuti Hornby anafinya zina ndi zina pa kireni imeneyi. Chifukwa chake ndi makona. Tinjanji ta Hornby tokhota kwambiri timazungulira pa mamilimita 371 kuchoka pakati pa bwalo, totsatira pa mamilimita 438. Mukachulukitsa 438 ndi 76, mupeza kona ya mamita pafupifupi 33. Panjanji yeniyeni sitima yaikulu singakhote pothina chonchi. Koma kachidole kayenera kukhota, chifukwa kakusewera patebulo kapena pansi m'chipinda chochezera. Chinthu chachitali chikalowa kona yotere nsonga yake imatulukira kunja, imagunda chilichonse chili m'mbali, mwinanso kugwetsa kabogi komwe yagonera. Opanga amasankha: kapena kakhale kolondola koma kazingoima pa shelefu, kapena akadule pang'ono kuti kaziyenda. Pa zaka zimenezo ankasankha kuyenda, chifukwa ogula ambiri anali makolo ogulira ana.

Aphunzitsi a sayansi, Matawale:
Ndilowererepo pa nkhani ya mkono, chifukwa pali china chomwe amakaniko ayenera kuchiganizira. Kireni ikalembedwa matani 75 sizitanthauza kuti imanyamula matani 75 paliponse pomwe ngowe yake yafika. Imanyamula zimenezo pokhapokha mkono utaimirira ndithu, katundu ali pafupi ndi thupi lake, ndipo miyendo yake yam'mbali itasololedwa ndi kupondetsedwa pansi. Mkono ukamagona kuti ufike patali, mphamvu yake imatsika msangamsanga. Nyamulani ndowa yodzaza madzi mutaigundika ku ntchafu, kenaka yesani kuinyamula mutatambasula dzanja lonse. Madzi ndi omwewo, koma phewa likuuzani kusiyana. Chomwe chimagwetsa kireni ndi kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchoka pomwe yaponda. Choncho kireni yodzutsa sitima siisowa mkono wautali ngati ya pa nyumba zosanjikizana. Imasowa mkono wonenepa, wolimba, ndi thako lolemera.

Timipiringidzo tosolola tomwe bambo a Yankho atchula ndiyo miyendoyo. Popanda iyo kireni yaima pa njanji ziwiri zoyandikana kwambiri, ndipo ikangotembenuzira katundu m'mbali imapendama.

Makaniko wa pa Mpondabwino:
Apo ndagwirizana nanu aphunzitsi. Ndinaonapo bulekidauni ikunyamuka mawilo akutsogolo pofuna kukoka lole m'dzenje chifukwa chomwecho.

Mai a Upile:
Koma abale, mwatengera kachidole ka mwana ku sukulu ya ukachenjede. Mwana akufuna kupukusa kachitsulo, ngowe ikwere, anyamule bokosi la machesi, basi. Mkono ukhale waufupi kapena wautali iye zimukhudza chiyani? Ine ndikuopa kuti mukapitiriza chonchi bambo a Yankho akatsekera mu kabati ya mbale zadothi, mwana azingokaonera pagalasi. Ana athu zoseweretsa zabwino amazipeza mwa apo ndi apo. Musamulande.

Aphunzitsi a sayansi, Matawale:
Mayi, sindikufuna kuti akatsekere. Ndikufuna mwanayo asewere akudziwa. Taganizani: Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, koma njanji siinafikepo kuno. Inachoka ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 inapitirira mpaka ku Salima, koma inadzera ku Lirangwe ndi Balaka, kuseri kwa phiri, ife n'kutisiya. Yapafupi nafe ndi ija inatsegulidwa mu 1970 yochoka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukatulukira ku Nayuchi kulowera ku Nacala. M'kalasi mwanga muli ana ambiri omwe sitima anangoiona pa chithunzi cha m'buku. Mwana wotere mukamupatsa kakireni aka osamuuza kanthu, aziyesa kuti ntchito yake ndi kukweza makatoni. Mukamuuza kuti miyendo isololedwe kaye asananyamule, wayamba kale kuphunzira sayansi yomwe anzake amailoweza pamtima osaimvetsa.

Agogo a ku Liwonde:
Ana anga, mdzukulu wanga ndi amene wandiwerengera zonsezi, ndipo ndi amene akundilembera. Ine ndinagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndipo kwa nthawi yaitali ndinali m'gulu lomwe linkaitanidwa sitima ikagwa. Ndaona zithunzizo. Kakireniko ndi kokongola, ndipo zomwe wanena mwana wa ku Sadzi ndi zoona. Koma nonsenu mukuyang'ana chitsulo chokha. Pa ngozi ya sitima, chinthu choyamba kutsika m'bogi si ngowe ayi, ndi matabwa.

Mwendo wa kireni sungaponde dothi. Ukaponda dothi umamira, makamaka nthawi ya dzinja nthaka itakhuta madzi, ndipo ngozi zambiri zimabwera nthawi yomweyo chifukwa mvula ndi imene imakokolola pansi pa njanji. Ndiye tinkayamba ndi makasu ndi mafosholo kusalaza malo. Kenaka tinkayala mitanda yanjanji yamatabwa, mzere wina chotere, wina chopingasa pamwamba pake, kusanja mpaka kufika pomwe mwendo ukathere. Pamtunda wokwezedwa, pomwe m'mbali ndi motsetsereka, mulu umenewu umatha kutalika kuposa munthu. Ntchito imeneyi imadya maola, ndipo kireni nthawi yonseyo yangokhala. Kunyamula kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa. Mukanyamula kamodzi, katundu wasuntha pang'ono, mwina kireni iyenera kusendera, ndiye phwasulani matabwa onse mukayalenso patsogolo.

Chachiwiri, wolamula amakhala mmodzi. Woyendetsa kireni nthawi zambiri saona bwino pomwe ngowe yakola. Amayang'ana manja a kapitawo yekha. Wina aliyense akakuwa kuti kweza, iye samva. Mawu okhawo omwe aliyense amaloledwa kukuwa ndi oti imani. Ndipo pa mwendo uliwonse pamakhala munthu wongoyang'ana matabwa. Akamva kulira kwachilendo, kapena akaona mwendo wa mbali inayo ukupepuka, amaimitsa ntchito yonse.

Ndiye mukandifunsa ngati kachidoleko kakufanana ndi zenizeni, ine ndinena kuti kireni yoima yokha panjanji, yopanda matabwa pansi pa miyendo, yopanda anthu oizungulira, sindinaionepo ikugwira ntchito.

Bambo a Yankho, Chinamwali:
Agogo, zikomo kwambiri. Izi sindikanazipeza pena paliponse. Kodi ngozi iliyonse munkapita ndi kireni?

Agogo a ku Liwonde:
Ayi mwana wanga. Zambiri tinkamaliza ndi majeke. Bogi ikangotsika mawilo awiri kapena anayi koma ili chiimire, mumaikweza ndi jeke, kuisuntha cham'mbali pang'onopang'ono pa chitsulo chogoneka, n'kuikhazikanso panjanji. Palinso zitsulo zina zokhala ngati zitunda zomwe mumaika pafupi ndi njanji, mutu wa sitima n'kukoka bogiyo pang'onopang'ono, mawilo n'kukwera okha. Kireni imatuluka zikavuta, bogi itagona chammbali kapena mutu utalowa m'dothi.

Ndipo kumbukirani kuti njanji yathu ndi ya mzere umodzi. Kwa azungu kumene kuli mizere iwiri, kireni imaima pa mzere winawo pambali penipeni pa yogwayo. Kwathu kuno imafika kuchokera kumapeto, ndipo njanji ya pamenepo nthawi zambiri imakhala itapindika. Mumayamba mwakonza njanji kuti kireni ipeze poponda. Mumachotsa bogi yoyamba, kuyala njanji, kusendera, kuchotsa yachiwiri. Mabogi ena tinkangowagoneka patchire kuti njira itseguke, kudzawatenga tsiku lina. Pena pakavutitsitsa ankayala kanjanji kongolambalala malowo kuti sitima zina zizidutsa.

Mutu wa sitima sumanyamulidwa wonse m'mwamba monga ana amaganizira. Mumakweza mbali imodzi, kuika matabwa pansi, kupita mbali inayo. Kumene ali ndi makireni awiri amaika wina uku wina uko.

Achimwene a ku Leeds:
Agogo, zomwe mwanenazi ndikawawerengera anzanga kuno, chifukwa ndi pomwe ambiri amaphonya. Munthu amawononga ndalama zambiri kugula kireni yolondola mpaka msomali uliwonse, kenaka n'kuiimika pa tebulo lake ikunyamula bogi miyendo ili m'kati. Zaka zaposachedwapa kampani ya Bachmann inatulutsa kachitsanzo ka kireni ya nthunzi ya matani 45 ya Ransomes & Rapier, mtundu womwe unapangidwa cha m'ma 1940 nkhondo yachiwiri ili m'kati. Ndi kokongola zedi, magiya ake amaoneka, miyeso yake anaitsata mosamala kuposa kakale ka Hornby. Ku Ulaya kwinaku kampani ya Roco inapanga ka kireni ya EDK 750, ya fakitale ya ku Leipzig yomwe imadziwika ndi dzina la Kirow, ndipo kali ndi timamota m'kati: kamayenda, kamatembenuka, kamakweza mkono mukungodina. Koma kulondola kwa chitsulo ndi gawo limodzi chabe. Kireni siyenda yokha. Imakhala ndi sitima yake: bogi yogonekapo mkono, bogi ya zida ndi maunyolo, bogi ya matabwa, bogi yokwera ndi kudyeramo antchito, ndipo ya nthunzi imafunanso madzi ndi malasha.

Agogo a ku Liwonde:
Bogi ya antchitoyo musaiiwale. Munkatha kugona kutchire masiku angapo. Mphika wa nsima unali chida ngati jeke.

Aphunzitsi a sayansi, Matawale:
Ndawerengera kanthu kena komwe kangathandize bambo a Yankho pomanga chingwe. Kachidole aka ndi ka sikelo yotchedwa OO, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 76. Koma kulemera sikuchepa ka 76 ayi, chifukwa chinthu chachepa m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu momwe. Ndiye 76 kuchulukitsa ndi 76 kuchulukitsanso ndi 76, zomwe zikupereka pafupifupi 440,000. Matani 75 mukawagawa ndi nambala imeneyi mutsala ndi magalamu pafupifupi 170. Ndiwo katundu woyenera kakireni kanu pa mphamvu yake yonse, mkono uli chiimire, miyendo ili kunja. Timitu tambiri ta sitima ta sikelo imeneyi timalemera kuposa pamenepo, chifukwa muli mota ndi chitsulo. Choncho kakakanika kunyamula kamutu konse musati n'kofooka. Kakuchita zomwe agogo anena, kuti mutu umakwezedwa mbali imodzi.

Vuto lina ndi lakuti pulasitiki ndi yopepuka. Kireni yeniyeni ili ndi boyila kapena injini ndi zitsulo zolemera kumbuyo zomwe zimalimbana ndi katundu. Kanuko kumbuyo n'kopanda kanthu. Mukapeza tizidutswa ta mtovu tomwe amamata pa malimu a galimoto, ikani m'kanyumba kakumbuyoko, koma mumate bwino ndi guluu kuti mwana asatitulutse n'kuika m'kamwa, mtovu ndi poizoni.

Makaniko wa pa Mpondabwino:
Za mtovu zisiyeni aphunzitsi, pali mwana. Bambo a Yankho adutse pa galaja ndiwapatse manati ndi mawashala akale. Kulemera n'komweko. Chingwe asaike cha nayiloni chowedzera nsomba, chimapotana ndipo sichigona m'mapule. Ulusi wakuda wosokera nsapato, woonda uja, aupake kandulo pang'ono. Ngowe nayo imafuna kulemera kuti ulusi uziwongoka ikakhala yopanda katundu.

Wamawaya wa ku Chikanda:
Pepani akuluakulu ndilankhuleko ngakhale ndine mwana pagulu pano. Ine ndimapanga magalimoto a mawaya ndi malata, ena ndimagulitsa kwa alendo okwera ku Ku Chawe. Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga watentha. Bwanji tikungokamba za kireni ya ku England? Agogo ali pano, anaigwira ntchitoyi ndi manja awo pa njanji yathu. Ine nditha kupanga sitima yonse yomwe akunenayo, bogi ya matabwa, ya antchito, majeke, anthu ake, ngakhale mphika. Chomwe sindidziwa ndi miyeso. Magalimoto ndimangoyeza ndi maso, koma apa ndikufuna zoti agogo akaona anene kuti inde, zinali chonchi.

Achimwene a ku Leeds:
Mphwanga, wanena mawu omwe ndakhala ndikufuna kumva. Ndikupatse poyambira, ndipo pali mwayi wina womwe anthu ambiri sadziwa. Njanji ya ku England ndi yotambalala mamilimita 1435 pakati pa zitsulo ziwiri. Yathu, pamodzi ndi ya Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndi 1067. Tsono tinjanji ta OO ndi totambalala mamilimita 16.5. Ukagawa 1435 ndi 76 upeza pafupifupi 18.9, kutanthauza kuti tisitima tonse ta OO timayenda pa njanji yopapatiza kuposa muyeso wake. Zinayamba kalekale pomwe timamota tinali tatikulu moti sitinkalowa m'matupi a tisitima ta ku Britain pa sikelo ya 87 yomwe maiko ena amatsata. Anakulitsa matupi, njanji n'kuisiya momwemo. Mpaka lero alipo ena kuno omwe zimawawawa moti amayala okha njanji ya 18.83.

Koma iwe gawa 1067 ndi 64. Upeza 16.7. Waona? Tinjanji tomweti ta 16.5, tomwe ndi tolakwika kwa eni ake, kwa ife ndi tolondola pafupifupi ndendende ukamapanga zinthu zako pa sikelo ya 64. Anthu a ku New Zealand, komwe njanji yawo ndi 1067 ngati yathu, amachita zomwezi. Ndiye lamulo lako ndi limodzi: chilichonse chenicheni, gawa ndi 64. Munthu wamtali mita imodzi ndi masentimita 70 akhala mamilimita 27. Ndiponso tigalimoto tambiri tachitsulo ta Matchbox ndi Hot Wheels tomwe timapezeka pa kaunjika timayandikira sikelo yomweyo, ndiye galimoto zoimika pambali suvutika nazo. Mawilo ndi tinjanji ndingatumize ndikapeza wobwera kumudzi, chifukwa zimenezo kupanga ndi manja n'kovuta. Zotsalazo ndi zako.

Wamawaya wa ku Chikanda:
Achimwene mwandipatsa ntchito ya chaka chonse ndipo ndaivomera. Ndiye kakireni ka bambo a Yankho kangalowe nawo?

Achimwene a ku Leeds:
Panjanji kayenda bwinobwino, koma pambali pa mabogi a sikelo ya 64 kaoneka kakang'ono, ndipo kanyumba kake anthu ako sangakwanemo. Kagwiritse ntchito ngati mphunzitsi: ona momwe mkono wamangidwira, momwe mapule akhalira, momwe thupi limazungulirira pa tsinde. Kenaka panga yako.

Mai a Upile:
Apa ndiye ndamasuka. Kofiirako kapite kwa Yankho, akuluakulu mupange kanu. Koma Wamawaya, ukamaliza usakagulitse kwa alendo. Kaonetse kaye ana a sukulu. Ndipo aphunzitsi, atsikana asatsalire pa zimenezi, Upile amamasula wailesi ya bambo ake kufuna kuona za m'kati.

Aphunzitsi a sayansi, Matawale:
Mayi, abwere, ndipo akhale kutsogolo. Wamawaya, pa za miyeso: ku Museum ya ku Chichiri ku Blantyre kuli mutu wakale wa sitima ya nthunzi womwe uli panja, ungathe kuuyang'anitsitsa ndi kuona kukula kwa mawilo ndi zokokera poyerekeza ndi munthu. Ndipo National Archives ili konkuno ku Zomba, tingapite limodzi kukapempha kuona zomwe amasunga zokhudza njanji. Mabogi enieni ukawaone ku Liwonde, sitima za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pamenepo kupita ku Nacala. Uime patali, usakwere panjanji, ndipo upemphe chilolezo usanajambule pa siteshoni.

Makaniko wa pa Mpondabwino:
Funso langa kwa agogo ndi achimwene: masiku ano makireni apanjanji akadalipo? Ine ndimaona ngati ntchito zambiri zatengedwa ndi makireni apamsewu aja a matayala ambiri.

Achimwene a ku Leeds:
Achepa kwambiri. Kuno kale malo aakulu osungira mitu ya sitima ankakhala ndi kireni yawoyawo, ya nthunzi, yokonzeka kutuluka usiku uliwonse. Lero ambiri mwa akalewo ali m'manja mwa magulu osunga sitima zakale. Majeke amafuta opopa ndi injini amachita zambiri zomwe kale zinkafuna kireni, ndipo pomwe msewu uli pafupi amabweretsa kireni yapamsewu. Ku America amagwiritsa ntchito kwambiri mathirakitala a unyolo okhala ndi mkono m'mbali. Koma apanjanji sanathe. Kirow ikupangabe amakono a mkono wosolola, chifukwa pali malo omwe msewu sufika.

Agogo a ku Liwonde:
Malo otere kwathu kuno ndi ambiri. Pitani chigawo cha ku Nayuchi nthawi ya mvula, m'madambo a kufupi ndi Chilwa ndi Chiuta, mukaone ngati lole yolemera ingafike pambali pa njanji. Imira isanayambe n'komwe ntchito.

Iwe mnyamata wa mawaya, bwera kunyumba, mdzukulu wanga akulozera njira ku inbox. Ubwere ndi pepala ndi pensulo. Pali zinthu zomwe pa chithunzi sizioneka. Unyolo sumangokoleka paliponse pa bogi, pali malo ake olimba, ndipo pakati pa unyolo ndi thupi la bogi timaikapo thabwa kuti usadye chitsulo. Ponyamula bogi yaitali pamakhala mpiringidzo wopingasa pansi pa ngowe kuti maunyolo atsike mowongoka, asafinye bogiyo. Anthu ako usawaimike pansi pa katundu, ngakhale mmodzi. Awiri agwire zingwe zowongolera ali patali.

Bambo a Yankho, Chinamwali:
Ine ndadula kale timitengo ta machesi kuti tikhale matabwa, ndipo Yankho akusanja pansi pa miyendo monga agogo anenera. Wafunsa ngati mizere itatu ikukwana.

Agogo a ku Liwonde:
Muuzeni kuti mzere wapansi ukhale wotambalala kuposa wapamwamba, ndipo mitengo igundane, pasakhale mipata. Machesi ndi oonda, amate awiriawiri. Ngati akusewerera pa mkeka ayale kaye kabolodi, chifukwa pofewa sitiyalapo matabwa tisanasalaze. Akamaliza kunyamula abweze miyendo m'kati, atsitse mkono pa bogi yake, alumikize tingolo tija, ndipo pokoka ulendo nsonga ya mkono iloze kumbuyo komwe sitima ikuchokera.

Wamawaya wa ku Chikanda:
Agogo ndibwera Lachitatu ndi minibasi yam'mawa. Amakaniko, ngati muli ndi zitini za oyilo zopanda ntchito mundisungire, za malata osati za pulasitiki, ndiyambire bogi ya matabwa.